Utoto wa chitenje ukafika kumtsinje

Mayi aliyense wogulitsa zitenje mumsika wa Limbe amadziwa kuti nsalu yosuluka imathawitsa kasitomala. N'chifukwa chake mafakitale amafuna utoto wokanirira, wosaopa sopo ngakhale dzuwa. Koma abale, utoto womwewo ukatsala m'madzi otsukira nsalu n'kutayidwa kumtsinje, ausulutse ndani?

Funsani anthu a ku Tiruppur m'dziko la India. Mu 2011 khoti lalikulu la Madras linalamula kuti mafakitale onyika nsalu pafupifupi 700 atsekedwe chifukwa choipitsa mtsinje wa Noyyal. Alimi anali atalira kale, kenaka antchito nawo analira. Utoto umatchinga dzuwa m'madzi, zomera zimafa, nsomba n'kusowa mpweya.

Tsono akatswiri a sayansi atembenukira ku lignin, chinthu chimene chimalimbitsa mtengo ngati simenti. Pa thabwa louma, lignin amakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mafakitale a mapepala amamuchotsa, ndipo wambiri amangomutentha ngati nkhuni.

Nzeru yake nayi. Lignin amamuotcha mopanda mpweya mpaka asanduke makala a timabowo tambirimbiri, kenaka amamatamo tizidutswa ta chitsulo. Makalawo amakoka utoto, ndipo akathira hydrogen peroxide, chitsulocho chimamutakasa kuti aphwanye utotowo. Mgwirizano wa chitsulo ndi peroxide anautulukira Henry Fenton mu 1894. Chitsulo chili pa makalacho ndicho amati catalyst: chimafulumizitsa ntchito, ndipo ukachisefa umachigwiritsanso.

Tisanamizane, njirayi yambiri ikadali m'malabotale. Peroxide ndi wogula, ndipo ntchito imayenda bwino madzi akakhala a asidi pang'ono. Koma lignin ife si wosowa. Ali m'zotsalira za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, m'mankhusu a mpunga ku Karonga, ngakhale mu utuchi wa matabwa ku Chikangawa.

Amene mumadutsa pa Mudi mu Blantyre mukulidziwa fungo lake, ndipo kumunsi kwake kuli anthu ochapa ndi othirira ndiwo zomwe timagula mumsika. Inu ophunzira a ku MUBAS ndi ku UNIMA, mukamasankha kafukufuku wa chaka chomaliza, tayesani utuchi ndi botolo la madzi a utoto. Ndipo a khonsolo ayambe kuyeza zimene zikutuluka m'mapaipi a mafakitale tisanafike pa zimene zinaoneka ku Tiruppur. Paja madzi akatayika saoleka.