Zaka 30 za golide mu labotale: mmene kafukufuku amayendera asanafike kwa anthu

Mu 1982, katswiri wa kemisitiri wa ku Britain, Graham Hutchings, ankagwira ntchito pa kampani ya AECI ku South Africa. Anapatsidwa ntchito yofufuza njira yabwino yopangira vinyl chloride, mpweya umene amapangira pulasitiki ya PVC, yomwe timaiona m'mapaipi a madzi ndi m'zokutira mawaya a magetsi. Njira imene inalipo inkadalira mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chimawononga ubongo ndi impso. Hutchings sanayambe n'kusakaniza mankhwala. Anatenga zotsatira zimene wofufuza wina wa ku Japan anali atasindikiza kale za zitsulo zambirimbiri, n'kuzisanja mwatsopano, ndipo anaona kuti golide, amene sanayesedwe n'komwe, ayenera kuziposa zonse. Ganizoli linasindikizidwa mu 1985 m'magazini ya Journal of Catalysis. Kuti lifike m'fakitale panapita zaka pafupifupi 30. Nkhani ya zaka zimenezi imaonetsa bwino mmene labotale ya pa yunivesite imagwirira ntchito, amene amailipira, ndiponso amene amaiyang'anira.

Choyamba timvetse chimene amafufuza. Catalyst ndi chinthu chimene chimafulumizitsa mankhwala awiri kuti agwirizane, koma icho osatha. Chili ngati nkhoswe: amalumikiza banja, koma ukwati si wake, ndipo mawa akhoza kukalumikiza lina. Fetereza wa urea amachokera ku ammonia, ndipo ammonia amapangidwa mothandizidwa ndi catalyst ya chitsulo. Mu ekizozi ya galimoto muli ina ya platinum ndi anzake yochepetsa utsi woipa. Golide yekha ndi amene akatswiri ankamuona ngati waulesi, chifukwa sachita dzimbiri ndipo safuna kugwirizana ndi chilichonse. Koma mu 1987 Masatake Haruta wa ku Japan anaonetsa kuti golide akaphwanyidwa kukhala tizidutswa ta ma nanometre ochepa, amasintha khalidwe n'kuyamba kusandutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide kukhala mpweya wina ngakhale pozizira kwambiri. Nanometre imodzi ndi milimita yogawidwa zigawo miliyoni. Apa maphunziro a catalyst anakumana ndi maphunziro a tinthu ting'onoting'ono.

Hutchings anapita ku Cardiff University ku Wales mu 1997, ndipo kumeneko kunadzakhazikitsidwa Cardiff Catalysis Institute. Labotale yotere siyenda ndi ndalama za fizi zokha. Ku Britain, wofufuza amalemba pempho lofotokoza funso lake, njira yake, anthu amene adzawalembe ntchito ndi ndalama zimene zidzafunike, n'kulitumiza ku bungwe la boma monga EPSRC, lomwe kuyambira 2018 lili pansi pa UK Research and Innovation. Pempholo limawerengedwa ndi akatswiri anzake a m'mayunivesite ena, kenako komiti imasanja mapempho onse kuyambira labwino kwambiri. Ndalama zikathera pakati pa mndandanda, otsalawo amabwerera chimanjamanja, ndipo amenewa ndiwo amakhala ambiri. Ndalamazi ndi za misonkho. Zina zimachokera ku makampani amene ali ndi chidwi ndi zotsatira.

Ntchito yeniyeni imagwiridwa kwambiri ndi ophunzira a PhD ndi ofufuza achinyamata olembedwa pa kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu. Mmodzi amaviika makala apadera m'madzi osungunulira golide, n'kuwaumitsa mu uvuni, n'kulongedza ufa wakudawo m'kachubu kagalasi kopyapyala. Amatenthetsa kachubuko, n'kudutsitsamo mipweya iwiri, acetylene ndi hydrogen chloride, ndipo makina amayeza chimene chikutuluka mbali inayo ola ndi ola. Mawa abwerezanso. Chilichonse chimalembedwa m'buku la mu labotale: tsiku, kulemera kwa ufa, kutentha, ngakhale zoyesa zimene zalephera. Bukuli ndilo mboni tsiku limene wina adzafunse ngati zotsatirazo n'zoona.

Chimene labotale imatulutsa kawirikawiri si katundu wogulitsa, koma pepala. Ndipo pepalalo silingosindikizidwa chifukwa walemba ndi pulofesa. Mkonzi wa magazini amalitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu amene mayina awo olembawo sauzidwa. Iwo amafunsa mafunso okhadzula: mwayesa kangati? Mwatsimikiza bwanji kuti ndi golide akugwira ntchitoyo, osati makala? Atha kulikana, kapena kulibweza kuti muwonjezere zoyesa, ndipo izi zimatenga miyezi. Owunikawa nthawi zambiri salipidwa. Dongosololi si langwiro ayi. Mapepala olakwika amadutsa ndithu, ena amadzachotsedwa pambuyo pake. Koma ubwino wake ndi wakuti pepala liyenera kufotokoza njira yonse, kuti munthu wa ku Osaka kapena ku Stellenbosch athe kubwereza n'kuona yekha.

Nkhani ya golideyi ili ndi chitsanzo chimene ndimachikonda. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti tizidutswa ta golide ndi timene timapanga vinyl chloride, chifukwa ndi timene tinkaoneka catalyst ikatulutsidwa m'makina. Mu 2017 gulu la ku Cardiff ndi anzawo anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira zoyang'ana catalyst ili mkati mogwira ntchito, pogwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu kwa X-ray. Anapeza kuti ntchitoyo imagwiridwa ndi maatomu a golide okhala payekhapayekha, ndipo akaunjikana kukhala tizidutswa mphamvu imatsika. Labotale yabwino imachita zimenezi: imabwerera ku chinthu chimene inatchuka nacho n'kuchifunsanso.

Pepala likafuna kusanduka katundu, pamabwera nkhani ya patent, chikalata chimene chimapatsa wotulukira ufulu wogwiritsa ntchito njirayo yekha kwa zaka 20, posinthana ndi kuiulula poyera. Lamulo lake n'lolimba: ukayamba wasindikiza kapena kulankhula pa msonkhano usanapereke pempho, m'mayiko ambiri ufuluwo watayika. N'chifukwa chake mayunivesite ali ndi maofesi oona za zimenezi. Pa golideyu, kampani ya Johnson Matthey ndi imene inathandiza kudumpha mpanda wovuta. Njira ya mu labotale inkafuna asidi woopsa kwambiri ndi golide wochuluka, zomwe fakitale singapirire. Anapeza njira yogwiritsa ntchito mankhwala a sulfur ndi golide wochepa kwambiri, anaiyesa ku China, ndipo mu 2015 anafotokoza ulendo wonsewo mu Journal of the American Chemical Society. Chifukwa chiyani China? Kumeneko PVC yambiri imachokera ku malasha kudzera mu acetylene, njira imene imafuna mercury. Pangano la Minamata, losainidwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017, linalamula mayiko kuchepetsa mercury pa ntchito imeneyi. Ganizo la 1982 linadikira mpaka lamulo ndi msika zitalifuna.

Boma la Britain limafunsanso kuti ndalama zake zabala chiyani. Pakapita zaka zingapo pamakhala kuwunika kotchedwa Research Excellence Framework, ndipo komaliza kunachitika mu 2021. Pa malikisi 100 alionse, 60 anali a ubwino wa zosindikizidwa, 25 a phindu looneka kunja kwa yunivesite, ndipo 15 a mmene malo ofufuzirawo akuyendera. Zotsatira zake ndi zimene zimagawa ndalama zina za kafukufuku. Apa ndili ndi nkhawa. Kuwunika kulikonse kumakoka anthu kuti azithamangira zinthu zobala msanga, pamene golide wa Hutchings akanaoneka wopanda phindu kwa zaka zoposa 20. Kuwerenga mapepala n'kosavuta. Kudziwa limene lidzathandize zidzukulu n'kovuta, ndipo boma lofuna zipatso liyenera kusiya mpata wa kuleza mtima.

Chinthu china chasintha mokomera owerenga. Kuyambira April 2022, mapepala ochokera ku ndalama za UK Research and Innovation ayenera kupezeka kwaulere pa intaneti. Komanso pulogalamu ya Research4Life imalola mayunivesite a mayiko osauka, kuphatikizapo Malawi, kuwerenga magazini ambiri osalipira. Wophunzira kemisitiri ku Zomba kapena ku Thyolo angathe kutsegula mapepala ambiri omwe akuwerengedwa ku Cardiff, ngati laibulale yake inalembetsa. Kumbukirani kuti Hutchings anayambira pa zotsatira za munthu wina zosindikizidwa kale.

Tsono mukamva pa wailesi kuti akatswiri atulukira chinthu, musathamangire kuombera m'manja kapena kunyoza. Funsani kuti zasindikizidwa m'magazini iti ndipo zinawunikidwa ndi ndani, ndalama anapereka ndani, ena anabwerezapo n'kupeza zomwezo kodi, ndipo zayesedwa m'kachubu kapena m'fakitale. Mafunso amenewa ndi oyenera nzika iliyonse, ndipo wofufuza woona mtima adzakuyankhani mosabisa.