Malawi Kumuonera ku Zolozolo

Ife a ku Zolozolo, dera la mumzinda wa Mzuzu, timadabwa alendo akafika kuno mu Juni opanda juzi, poganiza kuti Malawi yense ndi wotentha. Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti nyengo ya kuno kwathu imatsata kutalika kwa malo. Mzuzu wakhala pamapiri a Viphya, mamita oposa 1,200, n'chifukwa chake kumazizira ndipo mvula imachedwa kuleka. Mukatsetsereka makilomita pafupifupi 50 kukafika ku Nkhata Bay, kunyanja, thukuta lili kamukamu.

Dziko lathu lili ndi maboma 28: 6 Kumpoto, 9 Pakati ndi 13 Kummwera. Kumpoto ndi kwa mapiri, kuli Nyika ndi Viphya. Pakati pali chidikha cha chimanga ndi fodya, ndiponso Lilongwe, likulu la dziko kuyambira 1975. Kummwera kuli Blantyre wa malonda, Zomba likulu lakale, phiri la Mulanje lotalika mamita 3,002, ndi chigwa chotentha cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje.

Tikabwerera kuno kwathu, Mzuzu, amene anakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung, anakhala mzinda mu 1985. Makolo, aphunzitseni ana mapu a dziko lawo, ayambire pamtunda umene akupondapo.