Zidole zodzipangira

Zidole zodzipangira ndi zoseweretsa zimene munthu amaumba kapena kulumikiza yekha pogwiritsa ntchito dothi, mawaya, mapesi ndi zinthu zotayidwa, m'malo mogula zopangidwa kufakitale. Ku Malawi luso limeneli ndi lofala pakati pa ana akumidzi, kuphatikizapo madera aulimi a m'boma la Lilongwe monga Kabudula, Nsaru ndi Namitete. Chidole chodziwika kwambiri ndi galimoto yamawaya. M'mayiko a ku Ulaya ndi ku America muli luso lofanana nalo lotchedwa kitbashing, lomwe akuluakulu amalichita pa nthawi yopuma.

Zidole zadothi

Mtundu wakale kwambiri ndi wa zidole zoumba. Anyamata oweta ziweto kudambo amatapa dothi lamakande n'kuumba ng'ombe zalinunda, ngolo ndi anthu. Nyanga amazipanga ndi minga kapena timitengo. Chidole chimaumikidwa pamthunzi chifukwa dzuwa lamphamvu limachisweka ming'alu, ndipo ena amachiwotcha pamoto wa zitsononkho kuti chilimbe. Atsikana nthawi zambiri amaumba timiphika ndi ana adothi, kapena kuveka chitsononkho kansalu n'kuchibereka kumbuyo pamasanje. Masiku ano ana amaumbanso mafoni, ndege ndi asilikali amene awaona m'mafilimu.

Galimoto yamawaya

Wopanga amayamba ndi kuwongola waya wokhuthala pomusula ndi mwala, kenako amapinda chimango cha pansi chomwe chimanyamula galimoto yonse. Pamwamba pake amaikapo thupi la galimoto, ndipo mfundo zonse amazimanga ndi waya wopyapyala kapena malegeni odulidwa ku chubu chakutha cha njinga. Matayala amachokera ku zitsekerero za mabotolo, zitini za polishi, mapatapata akutha kapena waya wokulungidwa pa botolo kuti ukhale wozungulira.

Mbali yovuta ndi chiwongolero. Waya wautali kapena bango limachoka m'manja mwa mwana n'kukalumikizidwa ku matayala akutsogolo, kotero kuti mwanayo amayendetsa galimoto ali chiimire. Kuti galimoto ikhote, matayala awiriwo ayenera kutembenuka limodzi, ndipo zimenezi zimafuna kamtanda kowalumikiza, monga momwe zilili pa galimoto yeniyeni. Ana aluso amaonjezera masipuling'i, zitseko zotseguka ndi nyali za babu la tochi ndi mabatire akale. Zimene amatengera ndi zomwe amaziona pamsewu: malole onyamula mabelo a fodya, maminibasi, mathirakitala ndi njinga za kabaza zokhala ndi kamunthu kopalasa matayala akamazungulira.

Luso lofanana nalo kunja

Mawu akuti kitbashing amatanthauza kutenga tizidutswa ta zidole zosiyanasiyana zogula n'kupanga chinthu chatsopano chimene sichigulitsidwa m'sitolo. Njirayi inatchuka ndi filimu ya Star Wars ya mu 1977. Amisiri a kampani ya Industrial Light & Magic, imene George Lucas anaikhazikitsa mu 1975, ankamata tizidutswa ta zidole za akasinja, ndege ndi sitima zankhondo pa zombo zam'mlengalenga za mufilimuyo kuti zioneke ngati makina enieni.

Zidole za anthu zopindika manja ndi miyendo zinafala kuyambira mu 1964, pamene kampani ya Hasbro inatulutsa msilikali wotchedwa G.I. Joe. Mu 1978 kampani ya Kenner inayamba kugulitsa tizidole ta anthu a mu Star Wars totalika pafupifupi masentimita 10. Okonda lusoli amachotsa mutu wa chidole china, manja a china, n'kuumba zovala ndi zida pogwiritsa ntchito phala louma msanga, kenako amapenta. Kusiyana kwake ndi kwakuti iwo amayambira pa zinthu zogula, pamene mwana wa ku Nambuma amayambira pa zimene watola. Koma onse amafunika diso loona tayala m'chitsekerero cha botolo.

Kudziwika kwake

Mu 1990 mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, yemwe anakhalapo ku Malawi, anasindikiza buku la ana lotchedwa Galimoto, lokhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi Catherine Stock. Bukuli limasimba za mnyamata wotchedwa Kondi amene akuyendayenda m'mudzi kufunafuna mawaya. Kudzera m'bukuli, ana ambiri a ku America anadziwa liwu la Chichewa limeneli.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe anabadwa mu 1987, anafotokoza m'buku lake la mu 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, kuti ali mwana iye ndi anzake ankapanga malole ndi mapaketi a Chibuku. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, dayinamo ndi zitsulo zotola. Nkhani yake inapangidwa filimu mu 2019.

Kwa akuluakulu ena lusoli ndi ntchito. Njinga, magalimoto ndi nyama zamawaya zimagulitsidwa kwa alendo pamodzi ndi ziboliboli mumzinda wa Lilongwe, ndipo ku Johannesburg ndi Cape Town zinthu zamawaya ndi mikanda ndi malonda a m'misewu.

Zovuta

Waya wabwino ndi wosowa kumudzi, choncho ana ena amadula mipanda ya eni ake, zomwe zimadzetsa milandu pakati pa makolo. Waya wadzimbiri ukalasa munthu ungayambitse kafumbata, ndipo kutola mawaya pafupi ndi mapolo a magetsi kungaphetse. Zidole zapulasitiki zotsika mtengo zafikanso m'misika yakumidzi. Luso lodzipangira zidole lilibe buku lophunzitsira: mwana amaliphunzira pokhala pambali pa mkulu wake, kumugwirira waya ndi kuonerera. M'mudzi momwe ana okulirapo aleka kupanga, ang'onoang'ono amasowa wowaonetsa mapindidwe a chiwongolero.