Ombwe ntchito yake ndi kumunda, osati kudziwe

Alimi anzanga, ombwe, womwe ena amati mthuthu kapena katupe, ndi chitsamba chakwathu konkuno. Mudzauzindikira ndi masamba aubweya, maluwa oyera kapena ofiirira onga a nandolo, komanso makoko aubweya. Ukakhwima umatalika kuposa munthu.

Makolo athu ankasinja masamba ake n'kuthira m'dziwe kuti nsomba ziledzere. Izi musayese: lamulo likuletsa, ndipo zimapha ndi tiana ta nsomba tomwe.

Ubzaleni pakati pa chimanga, umabwezeretsa chonde m'nthaka. Masamba ake sinjani, viikani m'madzi usiku wonse, sefani, ndiye mupopere nsabwe pa mpiru kapena nyemba. Poperani madzulo, chifukwa dzuwa limachepetsa mphamvu yake. Ambiri amalakwitsa pamenepa, kenako amati ombwe sugwira ntchito. Ndiwozo dikirani masiku angapo musanathyole, ndipo muzitsuke bwino.