Selo limadziwa kumaso ndi kuseri

Mu February 2023, a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko lino, anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona mu Lilongwe. Mliri wa kolera umene unabuka ku Machinga mu March 2022 unali utavuta mumzindawu, moti sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Anthu oposa 1,700 anamwalira m'dziko muno. Komabe ochuluka anachira, ambiri chifukwa cha kapaketi ka Thanzi ORS kosungunula mu lita imodzi ya madzi abwino.

Nanga zimatheka bwanji kuti munthu amene akutsegula m'mimba madzi okhaokha apulumuke pomwa madzi a mchere ndi shuga?

Yankho lili m'maselo amene anayalana m'kati mwa matumbo. Selo lililonse lili ngati nyumba ya makomo awiri: la kumaso layang'ana kumene kumadutsa chakudya, la kuseri layang'ana ku magazi. Kumaso kuli kakhomo kotchedwa SGLT1, kamene kamalowetsa sodiyamu wa mu mchere pokhapokha akabwera limodzi ndi shuga. Kuseri kuli pampu imene Jens Skou wa ku Denmark anaitulukira mu 1957, yokankhira sodiyamuyo ku magazi. Kumene mchere walowera, madzi amalondola. Pampuyo ikanamwazikana mbali zonse za selo, mchere ukanangolowa n'kubwerera m'matumbo momwemo.

Poizoni wa kolera amatsegula kakhomo kena ka kumaso, CFTR, n'kukasiya pululu, ndipo madzi a m'thupi amakhuthukira m'matumbo. Koma SGLT1 amaisiya ikugwira ntchito. Mayi wa ku Chinsapo amene wakhala usiku wonse akumwetsa mwana wake pang'onopang'ono ndi supuni, mwanayo n'kusanza, iye n'kudikira pang'ono n'kuyambiranso, akugwiritsa ntchito khomo lotsalalo. N'chifukwa chake muyezo si woganizira: shuga akachuluka, kutsegula m'mimba kumakula.

Kusiyana kwa mbaliku kumayamba mwana asanabadwe. Pakutha pa sabata yachinayi chikhalireni mimba, maselo amafola moyang'ana kumodzi kuti atseke kanjira kamene kamadzakhala ubongo ndi mtsempha wa msana. Kakalephera kutsekeka, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana.

Chodetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko amene yawasautsa koposa. Kachilombo ka HPV kamapanga puloteni yotchedwa E6, imene mwa zina imawononga Scribble ndi Dlg, mapuloteni othandiza selo kusunga mbali zake. Zikatero maselo amasiya mzere, amaunjikana, ndipo pakapita zaka amatha kuboola pansi pamene anayalidwa.

Zaka zimenezo ndiye mwayi wathu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amayi ambiri amafika ku Kamuzu Central Hospital matenda atafalikira kale. Namwino akapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo amene maselo asokonekera amayera, ndipo amatha kuwotchedwa asanasanduke khansa. Kuyezaku kumachitika ku chipatala cha Bwaila, ndipo katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndi waulere.