Netiweki imadziwa bwanji kuti muli pa WhatsApp?

Mwagulitsa mpunga wanu ku Hara, m'boma la Karonga, ndipo mwagula bandulo ya WhatsApp. Mauthenga akupita bwinobwino, koma mukatsegula YouTube foni ikukana. Kodi kampani ya foni yasiyanitsa bwanji ziwirizi?

Chilichonse chomwe foni imatumiza pa intaneti chimayenda m'tizidutswa. Masiku ano zam'kati mwake zimakhala zokhoma, koma zakunja zimaoneka: dzina ndi adiresi ya kompyuta yomwe tizidutswato tikupita, kukula kwake, komanso momwe pulogalamu imaperekera moni poyamba kulumikizana. Zizindikirozi zikaphatikizidwa zimakhala ngati chidindo cha chala, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi chake.

Kuchipatala timachita zofanana. Kachipangizo koyezera malungo sikaona kachirombo, kamangozindikira puloteni yake m'magazi. Kamapeza chokhacho chomwe kanapangidwira.

Mapulogalamu ounikira netiweki, monga nDPI ya ntop ku Italy, amabwera akudziwa kale zidindo za Facebook, YouTube ndi WhatsApp. Koma kompyuta yomwe imasunga DHIS2, njira yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, ingathe kungooneka ngati tsamba wamba. Apa katswiri amalemba chidindo chakechake: amalowetsa dzina kapena adiresi ya kompyutayo, n'kuuza pulogalamuyo kuti "ukaona ichi, ndi malipoti a zaumoyo".

Pachipatala china pomwe ndinagwirapo ntchito, bandulo inkatha mwezi usanathe, lipoti n'kumachedwa, ife n'kumalozana zala. Katswiri ataika chidindo chotere, zinaoneka kuti malipoti ankadya pang'ono chabe. Yambiri inkathera m'makanema ndi m'makompyuta odzikonza okha usiku. Atapatsa malipoti mpata woyamba, vuto linatha. Lipoti likachedwa, a kuboma amachedwanso kuona kuti matenda akuchuluka kuti.

Koma dziwani ichi. Kuyambira 2016, mauthenga a WhatsApp amakhala okhoma kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, kotero woyang'anira netiweki sangawawerenge. Komabe angathe kuona kuti mwatsegula pulogalamu iti, nthawi yanji, ngakhalenso dzina la tsamba lomwe mwalowapo. Ngati mukufufuza za matenda omwe simukufuna kuti ena adziwe, ganizani kaye musanagwiritse ntchito Wi-Fi ya kuntchito. Ndipo ngati ndinu woyang'anira netiwekiyo, sungani zomwe mwaonazo monga momwe ife timasungira chinsinsi cha wodwala.