Cimene Cimacititsa Kuti Magulu Ena a pa Intaneti Akhale Amtendere

Munthu mmodzi angathe kukhala m'magulu awiri a pa intaneti ndi kuonetsa makhalidwe awiri osiyana. M'gulu la WhatsApp lokonza za maliro a wacibale amalemba mwaulemu, amathokoza opereka cipepeso, ndipo akalakwitsa amapepesa. Madzulo a tsiku lomwelo, pa Facebook pamene anthu akukangana za ndale kapena za mpira, munthu yemweyo amatukwana anthu amene sanawaonepo n'kamodzi komwe.

Akatswiri amene afufuza nkhaniyi apeza kuti mtendere wa m'gulu sudalira kwenikweni pa ubwino wa mitima ya anthu ake. Udalira kwambiri pa mmene gululo lakonzedwera, makamaka zimene munthu amapeza polowa, amene akuyang'anira, ndiponso ngati anthuwo adzafunanabe mawa.

Mu 2017 akatswiri a pa mayunivesite a Stanford ndi Cornell ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anacita pa anthu 667. Poyamba anthuwo anapatsidwa mafunso oti ayankhe. Ena analandira mafunso osavuta, koma ena anapatsidwa ovuta kwambiri ndi colinga cakuti akhumudwe. Pambuyo pake onse anaonetsedwa nkhani imodzi ndi kupemphedwa kuti alembepo maganizo ao. Ena anapeza kuti amene anawatsogolera analemba mau abwinobwino, pamene ena anapeza mau acipongwe.

Pakati pa amene sanakhumudwe ndiponso anapeza mau abwinobwino, mauthenga 35 mwa 100 alionse anali acipongwe. Pamene munthu anali wokhumudwa, kapena pamene anapeza cipongwe colembedwa kale, ciwerengeroco cinafika pafupifupi 50. Pamene zinthu ziwirizi zinakumana, cinakwera kufika pa 68. Anthuwo sanasankhidwe cifukwa ca nkhanza. Anali anthu wamba, ndipo cimene cinasintha ndi mmene anali kumvera mumtima ndi zimene anaona anzao akucita.

Tanthauzo lake n'lakuti munthu wolowa m'gulu amayamba wayang'ana mmene eni ake akulankhulira, monga mmene mlendo amacitira akafika pamudzi. Akapeza kuti kutukwana kumaloledwa, nayenso amamasuka. N'cifukwa cake mauthenga oyambirira pa nkhani iriyonse amakhala ndi mphamvu yoposa obwera pambuyo.

Katswiri wina wochedwa J. Nathan Matias anayesa mbali ina ya nkhaniyi mu 2016, m'gulu la okonda sayansi la pa Reddit limene panthawiyo linali ndi anthu oposa 13 miliyoni. Gululo linali ndi malamulo ake kale, koma obwera kumene ambiri sanali kuwawerenga. Pa nkhani 2,190 zimene zinakambidwa, zina zinaikidwa cidziwitso cacifupi pamwamba cochula zinthu zoletsedwa ndi kunena kuti pali anthu oyang'anira, pamene zina zinasiyidwa popanda cidziwitso. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2019, zinaonetsa kuti kumene kunali cidziwitso, alendo otsatira malamulo anaonjezeka ndi anthu oposa 8 pa 100 alionse.

Cina cimene cinapezeka n'cakuti ciwerengero ca alendo amene analimba mtima kulankhulapo cinakwera ndi 70 peresenti. Anthu ambiri amaganiza kuti malamulo amathamangitsa anthu, koma apa anawakopa. Munthu wofatsa amaopa kulankhula pamalo amene sakudziwa ngati adzatetezedwa akanyozedwa, ndipo akaona kuti pali dongosolo amatsegula pakamwa.

Pali cikhulupiriro cofala cakuti vuto lonse limacokera ku anthu obisa maina ao. M'cikhulupiriroci muli coonadi pang'ono. Mu 2004 katswiri wa za maganizo a anthu, John Suler, anafotokoza kuti munthu amataya manyazi pa intaneti cifukwa sadziwika, saoneka, ndiponso saona nkhope ya amene akumulankhula. Pokambirana maso ndi maso, wolankhula akaona nkhope ya mnzake yagwa amatsitsa mau mosazindikira. Pa lamya ya m'manja palibe nkhope yoti imubweze.

Koma dziko la South Korea linayesa kuthetsa vutoli ndi maina okha, ndipo silinapindule. Mu 2007 linakhazikitsa lamulo lakuti munthu wofuna kulemba pa malo akuluakulu a intaneti ayambe watsimikizira dzina lake lenileni. Mu 2011 akuba a pa kompyuta anaba mbiri ya anthu pafupifupi 35 miliyoni ku kampani ina ya m'dzikomo, ndipo zimenezi zinaonetsa kuopsa kosunga maina ndi manambala a anthu pamalo amodzi. Mu August 2012 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa lamulolo. Oweruza ananena kuti panalibe umboni wokwanira wakuti mau oipa anacepa kwenikweni, ndipo kuti lamulolo linali kupondereza ufulu wolankhula. Ngakhale pa Facebook, pamene anthu ambiri amagwiritsa nchito maina ndi zithunzi zao, kutukwanana sikusowa.

Cimene cimamanga munthu kuposa dzina ndico kudziwa kuti adzafunanso anthu omwewo. Citsanzo capafupi ndi magulu a cilimba, amene masiku ano ambiri amayendetsa nkhani zao pa WhatsApp. Aliyense amasonkha ndalama pa nthawi yoikika, ndipo amalandira mosinthana. Amene nthawi yake yolandira ili kutsogolo sangayerekeze kunyoza anzake amene adzam'sonkhere mwezi wa mawa. N'cimodzimodzi ndi magulu a makolo a pa sukulu imodzi, a kwaya, kapena a alimi ogula fetereza pamodzi. Mikangano imabuka ndithu, ndipo nthawi zina imakhala yowawa cifukwa imakhudza ndalama, koma anthu amafunafuna njira yoithetsera popeza gulu likapasuka onse amataya kanthu. Magulu otere amakhalanso ndi colinga cimodzi codziwika, motero n'kosavuta kuuza munthu kuti zimene watumiza si za pano. Gulu lopanda nchito yeniyeni, longokhalira kuceza, ndilo limene nkhani za zipani ndi za mitundu zimalowamo mosavuta.

Kukula kwa gulu nakonso kuli ndi mbali yake. Katswiri wa ku Britain, Robin Dunbar, ananena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti munthu angathe kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150. Akatswiri ena amatsutsa ciwerengeroco, koma mfundo yakuti pali malire ndi yovuta kuikana. Mu 2016 gulu la WhatsApp linali kuloledwa kukhala ndi anthu 256, ndipo pofika kumapeto kwa 2022 malirewo anafika pa 1,024. M'gulu la anthu 30, amene walemba zolakwika amadziwika kuti ndi mwana wa uje, ndipo wina angamuimbire lamya pambali. M'gulu la anthu 1,000 ambiri amangokhala manambala a lamya opanda nkhope.

Liwiro limene gulu likukulira ndi lofunika kuposa ciwerengero cenicenico. Kale, intaneti isanafalikire, panali njira yokambirana yochedwa Usenet imene inali kugwiritsidwa nchito kwambiri m'mayunivesite. Caka ciliconse mu September ophunzira atsopano anali kulowa, kusokoneza kwa milungu yocepa, kenaka n'kuphunzira mwambo kwa akale. Koma mu 1993 ndi 1994 makampani ogulitsa intaneti anatsegulira khomo anthu ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo akale anacepa moti sanathenso kuphunzitsa obwera. Iwo anacha nyengoyo kuti September wosatha.

Pamenepa m'pamene pamaonekera kufunika kwa woyang'anira gulu, amene ambiri amangomuchula kuti adimini. Kafukufuku wa bungwe la Wikimedia Foundation ndi kampani ya Jigsaw, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti pa Wikipedia ya Cingelezi anthu 34 okha ndiwo analemba pafupifupi 9 peresenti ya mau onse onyoza anzao m'caka ca 2015. Anthu oyambitsa moto nthawi zambiri amakhala ocepa, ndipo vuto limakula akasiyidwa. Mu 2015 kampani ya Reddit inatseka magulu ena odziwika ndi cidani. Akatswiri amene anafufuza pambuyo pake anapeza kuti ena mwa anthu a m'maguluwo anacokeratu, ndipo amene anatsala anacepetsa mau acidani ndi 80 peresenti kapena kuposa.

Komabe kucotsa anthu sindiyo nchito yaikulu ya woyang'anira wabwino. Mai Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel ya zacuma mu 2009, sanali kufufuza za intaneti. Iwo anaphunzira za midzi imene inasunga madambo odyetsera ziweto, nkhalango ndi ngalande zothirira kwa zaka mazana ambiri popanda kuziononga, m'maiko monga Switzerland, Japan, Spain ndi Philippines. Anapeza kuti m'midzi yotere anthu okhudzidwa ndi malamulo ndiwo amatengako mbali powapanga, oyang'anira amayankha kwa anthu omwewo, ndipo cilango cimayamba cocepa n'kumakula ngati munthu akubwereza. Panalinso njira yosavuta ndi yosadula yothetsera mikangano isanakule. Ofufuza za magulu a pa intaneti akhala akugwiritsa nchito mfundozi, ndipo kwa amene anaonapo mlandu ukukambidwa pa bwalo la nyakwawa si zacilendo. Wolakwa koyamba amalangizidwa, wobwereza amalipitsidwa, ndipo kupitikitsa munthu pamudzi kumabwera pothera penipeni.

M'gulu la pa lamya zimenezi zimatanthauza kulembera munthu pambali musanamudzudzule pagulu, kufufuta uthenga woipa usanayankhidwe ndi anthu khumi, ndi kufotokoza cifukwa cake. Kuyambira mu 2022 WhatsApp inapatsa ma adimini mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina kuti usaonekenso kwa onse. Mphamvuyo ili ndi ngozi yake. Adimini wokondera, amene amalekerera anzake koma n'kufufuta mau a aliyense womutsutsa, amabweretsa bata la mantha, ndipo anthu amangotsegula gulu lina lomunenera. Gulu limene mulibe kusiyana maganizo konse kawirikawiri limakhala kuti anthu analeka kulankhula.

Boma nalo lili ndi mbali yake, ngakhale kuti lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loona za milandu ya pa intaneti mu 2021, ndipo mu April 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano olowa m'malo mwake. Boma linati malamulowo ndi oteteza anthu ku akuba ndi ozunza anzao, pamene bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anadandaula kuti angathe kucepetsa ufulu wolankhula. Mulimonsemo, mikangano yambiri ya m'magulu siifika pa msinkhu wa mlandu wa ku khoti. Imakhala ya mau obaya, kuseka mnzako, ndi kutumiza mphekesera.

Cotsala ndi makina enieniwo, amene anthu ambiri amawaona ngati msewu wongodutsamo mauthenga. Pa Facebook ndi malo ena ofanana nayo, kompyuta ndiyo imasankha zimene munthu ayambe kuona. Zikalata za mkati mwa kampaniyo zimene Frances Haugen, amene kale anali kugwira nchito kumeneko, anaulula mu 2021 zinaonetsa kuti kuyambira mu 2017 tizizindikiro toonetsa mmene munthu wamvera, kuphatikizapo ka nkhope yokwiya, tinali kuwerengedwa kasanu kuposa kacizindikiro kongosonyeza kukonda. Motero nkhani yokwiyitsa anthu inali kukankhidwira kwa anthu ambiri. Kampaniyo inatsitsa mphamvu ya kankhope kokwiyako mpaka kuicotseratu mu 2020. Pamalo otere, munthu wofatsa ndi waukali sapikisana mofanana.

Makampani ena ayesa kucedwetsa anthu pang'ono. Anthu angapo ataphedwa ndi magulu aukali ku India cifukwa ca mphekesera zakuti kuli akuba ana, WhatsApp inalamula mu 2018 kuti uthenga usatumizidwe ku malo oposa asanu nthawi imodzi m'dzikomo, ndipo mu January 2019 lamuloli linafika padziko lonse. Mu 2021 kampani ya Twitter, imene tsopano ikuchedwa X, inanena kuti pamene inayesa kufunsa anthu ngati akufunadi kutumiza yankho looneka lonyoza, anthu 34 mwa 100 alionse anasintha mau ao kapena kuleka kutumiza.

Ku Vermont, cigawo caching'ono ca kumpoto cakum'mawa kwa America, kuli njira yolumikizira anthu oyandikana nyumba yochedwa Front Porch Forum, imene inayamba mu 2006 mumzinda wa Burlington. Munthu amalowa m'gulu la dera limene akukhala lokha, ndipo uthenga wake umaonetsa dzina lake ndi msewu wa kwao. Nkhani zambiri zimakhala za galu wosowa, nkhuni zogulitsa, misonkhano ya m'tauni ndi kufunsa mmisiri wokonza denga. Uthenga uliwonse umayamba wawerengedwa ndi wanchito wa kampaniyo, ndipo mauthenga amasonkhanitsidwa n'kutumizidwa pamodzi, kawirikawiri kamodzi patsiku. Amene wakwiya ndi zimene mnansi wake walemba lero amayembekeza mpaka mawa kuti yankho lake lioneke.